KATUNDU AKALEMERA KUTULA SI ULESI

Linali tsiku Lachitatu m'mwezi wa Juni, kutangotsala masabata owerengeka kuti ophunzira a Fomu 4 ayambe kulemba mayeso a MSCE. Ndinaima kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, ndipo mwadzidzidzi dzina la chiwalo chimene ndinali nditachijambula ndekha pabolodi linandithawa m'mutu. Chinali chiwalo chimene ndakhala ndikuchiphunzitsa m'phunziro la Biology chaka ndi chaka chiyambire ntchito. Ana anadikira, ine thukuta lili kamukamu. Tsono mtsikana wina wokhala pa desiki ya kutsogolo anandikumbutsa dzinalo ndi mawu apansipansi, mwaulemu wake wonse. M'malo momuthokoza, ine ndinamukalipira koopsa kuti wayankha asanafunsidwe. Kalasi yonse inangoti zii, ndipo mwanayo anazyolika mpaka belu linalira.

Chodabwitsa n'chakuti chimene ndinaiwalacho chinali timatumba tiwiri tija tokhala pamwamba pa impso, timene timathira adrenaline m'magazi munthu akachita mantha kapena akapanikizika. Ndinali kuphunzitsa ana za chinthu chimene pa nthawi yomweyo chinali kundisautsa ine mwini, koma osazindikira. Panali patapita miyezi itatu tulo tikubwera movutikira, mutu ukundiwawa madzulo aliwonse, nsima ndikungoidya mwamwambo osaimva kukoma. Kunyumba ana anga anali atayamba kuthawira kuchipinda akamva njinga yanga ikulowa pabwalo. Ndinkaganiza kuti ndi malungo, koma nditapita kukayezetsa magazi sanapezeke.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. M'zipinda za aphunzitsi, m'maofesi, m'zipatala ndi m'masitolo muli anthu ambiri amene akuyenda ndi katundu wotere, ndipo inu anyamata ndi asungwana amene mwangotsiriza sukulu mudzakumana naye posachedwa. Mfundo yanga ndi imodzi: kulemedwa ndi ntchito si ulesi ndiponso si kufooka kwa mtima, koma chizindikiro chakuti katundu waposa msinkhu wa womusenza. Katundu akaposa msinkhu, munthu wanzeru amatula pansi, namasula mtolowo, naona zimene angasenze lero, zimene angagawireko anzake, ndi zimene si zake konse. Ambirife tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kupirira ndi kukhala chete, ndipo kusokoneza kumeneku kukutidwalitsa.

THUPI SILINAMA

Tiyambe ndi thupi, pakuti thupi silidziwa kunama. M'chaka cha 1915 katswiri wina wa pa yunivesite ya Harvard ku America, dzina lake Walter Cannon, analongosola zimene zimachitika m'kati mwa nyama kapena munthu akakumana ndi choopsa. Tiyerekeze kuti mukuchokera ku maliro usiku, ndipo mwamva fisi akulira m'thengo pafupi ndi njira. Nthawi yomweyo timatumba tija timathira adrenaline m'magazi. Mtima umagunda mofulumira, mumapuma mwawefuwefu, chiwindi chimatulutsa shuga, m'mimba mumaleka kugaya chakudya, ndipo magazi ambiri amathamangira ku minofu ya miyendo ndi manja. Zonsezi n'zabwino, chifukwa thupi likukonzekera kumenyana ndi fisiyo kapena kuliyatsa liwiro. Mukafika pakhomo n'kutseka chitseko, mtima umakhala pansi ndipo thupi limabwerera mwakale.

Vuto la ntchito za masiku ano n'lakuti fisi wake sachoka. Fisi wa mphunzitsi ndi silabasi yosatha, mulu wa makope osachonga, ngongole ya kwa eni nyumba, ndi malipiro othera pakati pa mwezi. Fisi ameneyu sungamumenye ndi chibonga ndipo sungamuthawe. Amagona nawe, nadzuka nawe.

Amene anafufuza zotsatira za kusautsidwa kosalekeza ndi Hans Selye, yemwe ankagwira ntchito mumzinda wa Montreal ku Canada. M'chaka cha 1936 iye analemba za makoswe amene anawasautsa m'njira zosiyanasiyana: ena powaika pozizira kwambiri, ena powathamangitsa mosapuma, ena powabaya mankhwala. Ngakhale masautsowo anali osiyana, matupi a makoswewo anaonongeka mofanana. Timatumba ta pa impso tinatupa, ziwalo zoteteza thupi ku matenda zinafota, ndipo m'mimba munatuluka zilonda. Selye anati thupi losautsidwa limadutsa magawo atatu. Poyamba limadzidzimuka, kenaka limalimbikira ndi kupirira, kotero kuti mwini wake amaoneka ngati ali bwino, potsiriza mphamvu zimatha ndipo limagonja. Iyeyu ndiye anatchukitsa mawu achingerezi akuti stress, amene ife tingati kupanikizika.

Gawo lachiwirilo ndilo lonyenga. Munthu amapita kuntchito tsiku ndi tsiku, amaseka ndi anzake, pamene m'kati timatumba tija tikuthira m'magazi chinthu china chotchedwa cortisol. Chimenechi chikachuluka kwa nthawi yaitali, magazi amathamanga, shuga amakwera, tulo timasokonekera, ndipo thupi limagwidwa msanga ndi chimfine ndi matenda ena. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe loona za antchito la ILO, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Anapeza kuti munthu wogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata ali pa chiopsezo cha matenda opha ziwalo chokwera ndi 35 peresenti, ndi chiopsezo cha kufa ndi matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu pafupifupi 745,000 pa dziko lapansi anafa ndi matenda awiriwa kaamba ka kutalika kwa maola a ntchito. Nambala ya 55 imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Kodi munthu angasiyanitse bwanji kutopa wamba ndi kulemedwa koopsa? Kutopa wamba kumatha ndi tulo. Mlimi amene wapalira tsiku lonse amagona ngati mwala, ndipo m'mawa amanyamulanso khasu akuimba mluzu. Koma pali kutopa kwina kumene tulo sitikuchotsa, kumene munthu amadzuka nako Lolemba ngakhale anagona Lamulungu lonse.

M'chaka cha 1974 Herbert Freudenberger, katswiri wa za maganizo a anthu mumzinda wa New York, analemba za anthu odzipereka amene ankagwira naye ntchito pa chipatala chaulere chothandiza osauka ndi ogwidwa ndi mankhwala osokoneza bongo. Iye anaona kuti anthu amene anayamba ntchitoyo ndi changu chachikulu, patapita pafupifupi chaka anali atafooka, akupsa mtima msanga, ndiponso akuipidwa ndi odwala omwewo amene anabwera kudzawathandiza. Vutoli analitcha burn-out, ndiko kunena kuti kunyeka ngati chikuni n'kutsala phulusa. Onani kuti amene ankanyekawo sanali aulesi ayi. Chikuni chimene sichinayake sichisanduka phulusa.

M'chaka cha 2019 bungwe la WHO linalongosola vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda. Linanena poyera kuti si nthenda payokha, koma ndi vuto lochokera ku kupanikizika kwa kuntchito kumene kwakhala nthawi yaitali kosathetsedwa, ndipo linatchula zizindikiro zitatu. Choyamba ndi kutha mphamvu. Chachiwiri ndi kutalikirana ndi ntchito yako mumtima, kuinyoza ndi kunyoza anthu amene ukuwatumikira. Chachitatu ndi kuchepa kwa luso pa ntchito, kotero kuti chimene unkachita pa ola limodzi chimakutengera tsiku.

Kwa ife aphunzitsi chizindikiro chachiwiricho ndicho choopsa koposa, chifukwa chimabisala m'nthabwala za m'chipinda cha aphunzitsi. Tikayamba kunena tsiku ndi tsiku kuti ana a masiku ano ndi mbuli zosaphunzitsika, tikayamba kuwerenga mphindi zotsala kuti belu lilire, tikamasangalala kuti mvula yalepheretsa ana kubwera, tidzifunse ngati ana ndiwo asintha kapena ndife tanyeka. Zizindikiro zina zimaoneka kunyumba: kudzuka pakati pa usiku mutu uli pa ntchito, kuiwalaiwala, kukalipira akazi ako kapena amuna ako pa zinthu zazing'ono, kuleka kucheza ndi abwenzi, kupweteka kwa msana ndi khosi, ndi kuonjezera botolo lachiwiri ndi lachitatu pamene kale limodzi linkakwana. Munthu akapeza zitatu kapena zinayi mwa zimenezi zikumutsata kwa masabata angapo, asadikire kuti agwe.

MASAMU A KATUNDU

Nditazindikira vuto langa ndinatenga pepala n'kuyamba kuwerenga maola anga. Ndinali ndi makalasi anayi, iliyonse ya ana pafupifupi 80, ndiko kuti ana 320. Kuchonga kope limodzi mosamala kumanditengera mphindi zitatu, choncho ntchito imodzi yokha ya pa sabata inkadya mphindi 960, amene ndi maola 16. Kuphunzitsa mapiriyodi 24 a mphindi 40 ndi maola enanso 16. Kukonzekera maphunziro ndi kulemba masikimu kunkatenga maola 8, ndipo masewera, misonkhano ndi milandu ya ana maola 5. Masana ndinkaphunzitsanso ophunzira a sukulu ya Open maola 10 pa sabata kuti ndipezeko kangachepe. Kuphatikiza zonse, maola 55. Ndinali nditakhala ndendende pa mzere uja wa akatswiri, osawerengera kumunda, kumaliro ndi kumpingo.

Katundu ameneyu sanagwe kuchokera kumwamba. M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino ndithu, ndipo ambiri a ife amene tili ndi zaka za m'ma 30 tinaphunzira kaamba ka chimenecho. Koma ana anachuluka mofulumira kuposa aphunzitsi, zipinda ndi mabuku. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zambiri zopanda malo oyesera za sayansi ngakhale nyumba zokwanira za aphunzitsi. Pamwamba pa zimenezi, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti malipiro amene ankagula matumba a feteleza ndi chimanga anayamba kuperewera.

Pali katundu winanso amene salembedwa m'kalata yolembera munthu ntchito. Wolandira malipiro pamwezi kwathu kuno salandira yekha. Kumudzi kuli amayi ofuna feteleza, mphwake wofuna fizi, amalume odwala ofuna thiransipoti ya kuchipatala. Ndalama zikaperewera munthu amapita ku banki m'khonde, ya kumeneko ikakanika amagwa m'manja mwa akatapila, ndipo pofuna kubweza katapila amawonjezera maganyu ena. Lamya ya m'manja nayo yagwetsa mpanda umene unali pakati pa ntchito ndi pakhomo: uthenga wa akuluakulu a kuntchito umakupeza pa WhatsApp uli pa mphasa ukudya ndi ana.

Ndalongosola zimenezi kuti tione kuti munthu wolemedwa sanalakwe kanthu. Masamu ndiwo akukana.

KODI SI MATENDA A AZUNGU?

Ena adzati: makolo athu ankalima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, ankayenda pansi ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, koma sitinamve akudandaula za kupanikizika, izi ndi za ana oleredwa ndi buledi. Mawu amenewa ndawamva kangapo, ndipo ali ndi choonadi china: makolo athu anagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo kupirira ndi khalidwe labwino limene sitiyenera kulitaya.

Koma tiyang'ane bwino mmene iwo ankasenzera katundu wawo. Munda ukakula, mwini wake ankakonza mowa kapena thobwa naitana anansi ku dima, ndipo ntchito ya sabata inkatha tsiku limodzi, anthu akuimba. Maliro akagwa, mudzi wonse unkasiya makasu, adzukulu nakumba manda, amayi natunga madzi, kuti ofedwa asasenze okha. Akakolola kunkabwera nyengo ya chilimwe, ya magule ndi maulendo okaona abale. Amayi ankatula nkhawa zawo pamtondo, akuimba zimene sakanatha kuzinena maso ndi maso, ndipo abambo ankatula zawo pabwalo akusewera bawo. Anthu amenewa ankadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Ife tatenga kupirira kwawo, koma tasiya dima, tasiya mtondo, tasiya nyengo yopuma. Tsono tikudzitama kuti tikutsata makolo pamene tatola theka lokha la nzeru zawo.

Kwa ife amuna pali msampha wina, mawu aja akuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa anthu odzipha ndi amuna, ndipo kawirikawiri pamatchulidwa ngongole ndi mavuto a m'banja. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kupirira ndiko kupitiriza ulendo uku ukunena kuti katundu walemera. Kukhala chete ndiko kubisa mpaka khosi litathyoka.

KUMASULA MTOLO

Nanga tichite chiyani? Chimene chinandithandiza ine ndi kulemba pa pepala chilichonse chondidetsa nkhawa, chachikulu ndi chaching'ono chomwe, kenaka n'kuzigawa m'milu itatu. Nkhawa zikakhala m'mutu zimaoneka ngati chiphiri chimodzi chosakwereka, koma zikakhala pa pepala zimawerengeka.

Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene ndi zanga ndipo ndingazisinthe ndekha. M'mawa uliwonse ndimasankha ntchito zitatu zokha zoti zithe tsikulo, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchito zazifupi ana amasinthana makope n'kuchongerana ine ndikuwatsogolera pabolodi, ndipo amaphunzirapo zambiri. Ine ndimachonga ndekha mosamala ntchito yaikulu imodzi pa masabata awiri. Ikakwana 8 koloko usiku ndimatseka makope ndi lamya. Akatswiri amati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo WHO imalangiza kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, kumene kungakhale kuyenda ndawala theka la ola masiku asanu. Kuyenda kotereku kumapatsa thupi mwayi womaliza liwiro lija limene linakonzekera pothawa fisi. Za mowa ndinene mosabisa: umagonetsa msanga, koma umaononga tulo ta m'bandakucha, ndipo m'mawa ngongole imakhala itakula, nkhawa ili pomwepo.

Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zogawana ndi ena kapena zokana. Aphunzitsi awiri a phunziro limodzi angathe kugawana kulemba masikimu ndi mafunso a mayeso m'malo moti aliyense azivutika payekha. Kukana nakonso kuli ndi njira yake yaulemu. Akulu a pasukulu akakupatsani ntchito ina pamwamba pa zimene muli nazo, simuyenera kuwayankha mwamwano, koma mungathe kunena kuti, "Ahedi, ntchitoyi ndiigwira, koma m'manja mwanga muli izi ndi izi, mundithandize, ndiyambe iti ndipo iti idikire?" Mwa njira imeneyi mwawaonetsa katundu yense, ndipo kusankha kwakhala kwa nonse awiri. Kwa abale akumudzi, n'kwabwino kukhala pansi ndi akunyumba kwanu, kugwirizana ndalama zimene mungathe kutumiza pamwezi, n'kuwauza abalewo poyera. Adzadandaula mwezi woyamba, koma kudandaula kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kulira kumene kungakhalepo mutagwa ndi matenda opha ziwalo. Ine ndinachepetsa maola a ku Open ndi theka. Ndalama zinachepa ndithu, ndipo tinasiya zina pakhomo, koma ana anga analeka kuthawa njinga yanga.

Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene si zanga: kuchuluka kwa ana m'kalasi, kusowa kwa mabuku, kuchepa kwa malipiro ndi nyumba. Zimenezi mphunzitsi mmodzi sangazithetse pogona mochedwa, ndipo sayenera kudziimba nazo mlandu. Koma kusakhala zanga sikutanthauza kuti ndizisiye osazinena. Malo ake ndi msonkhano wa aphunzitsi, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, bungwe la aphunzitsi la TUM, ndi maofesi a zamaphunziro. Ndikutsindika zimenezi chifukwa pali ena amene amafuna kuti nkhani ya kupanikizika ithere pa kuuza wantchito kuti azipuma mokoka mpweya ndi kuganiza zabwino. Kupuma mokoka mpweya kumathandiza mtima kukhala pansi, inde, koma sikuchepetsa ana 80 kukhala 40. Inu amene mumalamulira anzanu pantchito, kaya ndinu aphunzitsi aakulu kaya mabwana a m'makampani, dziwani kuti wantchito wabwino amene mumamuunjikira zonse chifukwa sakana ndiye woyamba kunyeka.

KULANKHULA NDI MANKHWALA

Pa zonsezi chachikulu ndi kupeza munthu womuuza. Anzathu a ku Zimbabwe atiphunzitsa kanthu pamenepa. M'chaka cha 2006 dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mumzinda wa Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Amayi achikulire anaphunzitsidwa kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mapiritsi. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi, ndi kupangana naye njira yolithetsera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu amene anakhala pa benchi ndi agogowa anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ngati benchi ndi khutu lomvetsera zingachite zotere, nanga ife tikulephereranji kuchitirana zomwezo pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma?

Komabe pali pamene bwenzi silikwanira. Munthu akakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse kwa masabata awiri kapena kuposerapo, osakondwanso ndi chilichonse chimene ankachikonda, apite kuchipatala, pakuti imeneyo ingakhale nthenda ya maganizo, ndipo imachizika. M'zipatala zambiri za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo kulinso chipatala cha Zomba Mental ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha afika, auzeni munthu wina lero lomwe, musagone nawo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

KWA INU OTSIRIZA SUKULU

Inu amene mwangolandira satifiketi, ndikudziwa kuti nkhawa yanu lero ndi kusowa ntchito, ndipo mungaone ngati ife tikudandaula ndi nsima ili m'manja. Koma tsiku limene mudzaipeze, mantha oitaya adzakuchititsani kuvomera chilichonse. Limbikirani ndithu, fikani msanga, phunzirani kwa akuluakulu. Koma dziwaninso malamulo. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito a wantchito wamba asapitirire 48 pa sabata, ndipo owonjezera amalipiridwa mwapadera. Limati munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu. Limapatsa wantchito tchuthi cha pachaka cholipiridwa cha masiku osachepera 18 ngati amagwira masiku 6 pa sabata, kapena 15 ngati amagwira masiku 5. Zimenezi si mphatso ya bwana. Ndi ufulu wanu, ndipo ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ilipo kuti ikuthandizeni.

Amene mudzadzilembe nokha ntchito, kaya pa kabaza, pa okala kapena pa telala, chenjerani koposa, chifukwa bwana wankhanza kwambiri ndi iwe mwini. Dziikireni tsiku lopuma. Musalowe m'ngongole pofuna kuoneka bwino pamaso pa anzanu. Sungani abwenzi awiri kapena atatu amene mungawauze zoona zokhazokha. Zizolowezi zimenezi zimaphunziridwa munthu akali wamng'ono, katundu asanachuluke.

Tibwerere kwa mtsikana uja. M'mawa mwake ndinamuitana pakhonde la kalasi anzake akuona, ndipo ndinati, "Mwanawe, dzulo ndinakulakwira. Unandithandiza, ine n'kukukalipira. Undikhululukire." Iye anapinda maondo pang'ono nati, "Palibe kanthu, aphunzitsi. Tonse tinaona kalekale kuti simukupeza bwino." Mawu amenewa anandilasa mtima. Chinthu chimene ndinkayesa kuti ndabisa kwa miyezi itatu, ana 80 ankachiwerenga pankhope panga tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo anali ataleka kufunsa mafunso poopa kundipsetsa mtima, mayeso ali pakhomo.

Apa ndi pamene ndinaona kuti kukhala chete kwanga sikunali kupulumutsa munthu aliyense. Mphunzitsi akanyeka, amene amaotha phulusalo ndi ana. Namwino akanyeka, ndi odwala. Kholo likanyeka, ndi banja lonse. Choncho anzanga, sabata ino tengani pepala, werengani maola anu, gawani milu yanu itatu, ndipo muuzeko munthu mmodzi zimene mwapeza. Amayi ochokera kunkhuni amadziwa kuti wotula mtolo panjira, nakonza nkhata, napempha mnzake kuti amusenzetse, ndiye amafika nazo nkhunizo kumudzi.